Mlamu Wanga Atachotsedwa Ndulu, Womuphikira Ndinali Ine

1

Mkazi wa mlongo wanga sindinamukondepo, ndipo sindikutayirani nthawi n'kumanamizira kuti tinali pachinzake. Ndinamuda asanadwale, ndinamuda akudwala. Chimene sindinauzepo munthu ndi pamene chidanicho chinakandifikitsa. Lero ndinena, koma mundilole ndiyambire poyambira, chifukwa ndikayambira kumapeto muponya magaziniyi pansi.

Bambo athu anatisiyira shopu yosokera: chipinda chimodzi cha makina atatu, tebulo lalikulu lodulirapo nsalu, ndi kakhitchini kumbuyo kongokwana munthu mmodzi ndi sitovu yake. Kumanzere kwathu kuli wometa, kumanja kuli wokonza mafoni. Mashopu onse asanu a m'nyumbamo tili ndi chimbudzi chimodzi kumapeto kwa khonde, ndipo kiyi wake anamangiriridwa pa kathabwa kuti asamalowe m'thumba la munthu. Amakolekedwa pamsomali, panja pa chitseko chathu. Kiyi ameneyo mumukumbukire.

Ndinasoka m'shopumo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mlongo wanga, amene anapondana nane, singano sanaigwirepo. Iye ndi dalaivala wa lole, amachoka Lolemba n'kubwera Lachisanu. Atakwatira telala, amayi anaomba m'manja kuti basi, manja achuluka m'shopu. Anachulukadi, mpaka anga anasowa ntchito.

Mtsikanayo ankangomuyang'ana kasitomala kamodzi, kumuzungulira, n'kutola choko. Nsalu imene wadula iye inkagona pathupi ngati munthuyo anabadwa nayo. Pasanathe zaka ziwiri anthu anamupatsa dzina loti Mayi a Sizasi, ndipo ankalowa m'shopu ya bambo anga n'kundifunsa ine, mapini ali kukamwa:

"Kodi atelala alipo?"

"Ine mukundiona ngati chiyani, mpando?"

"Ayi pepani, achemwali. Timafuna Mayi a Sizasi."

Ine ndinatsala wopinda mathalauza, wosintha mazipi, ndi wophika chakudya chamasana. Choipitsitsa n'chakuti mlamu wangayo sanandinyozepo ngakhale kamodzi. Akanakhala wamwano bwenzi nditapeza pomugwira. Koma ayi, "alamu, mwatopa, pumulani," "alamu, mkonowu muusoke ndinu, dzanja lanu n'lowongoka." Ulemu wakewo unkandiwawa kuposa mbama.

2

Chaka chachitatu cha banja lawo anayamba kumva ululu pansi pa nthiti zakumanja. Tsiku lina anagwa pambali pa tebulo atadzipinda, thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anati m'ndulu muli timiyala, ndulu yonseyo ichoke. Anamuchita opaleshoni ya timabowo tinayi pamimba, n'kumuuza kuti apume milungu isanu ndi umodzi.

Milungu imeneyo inandikomera, sindibisa. Ntchito inandithyola msana, inde, koma makasitomala analibe kolowera. Ndinagwiranso sizasi yaikulu. Mayi wina atavala suti imene ndinamusokera anadziyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Eee, kani inunso mumatha!" Anali mawu achipongwe, koma ndinawameza ngati uchi.

Kenako mlamu wanga anabwerera. Anali ataonda pang'ono, akuyenda mosamala, kuphewa kuli chikwama chachikulu, m'manja muli kope la ana asukulu. Tsiku lomwelo anthu anayambanso kundilambalala.

"Alamu, ndili ndi pempho," anatero nditayatsa sitovu. "Chakudya changa chisamakhale ndi mafuta. Kungowiritsa basi, ndi kamchere pang'ono."

"Si anakuchotsani chimene chimavutacho? Nanga chatsala n'chiyani?"

"Anamwino anandifotokozera. Akuti ndulu ija inali kathumba kosungiramo madzi owawa amene amagaya mafuta. Pano kathumbako palibe, ndiye madziwo amangodonthera m'matumbo. Ndikadya zamafuta m'mimba mumatseguka nthawi yomweyo. Akuti thupi lizolowera, koma pang'onopang'ono."

"Ndiye kopelo n'la chiyani? Mwayambanso sukulu?"

"Ndizilemba chimene ndadya, nthawi yake, ndi zimene zachitika pambuyo pake. Adokotala akufuna aziona."

Ndinaseka mpaka ndinagwira chitseko. Azakhali a wometa anachotsedwa ndulu yomweyo, ndipo mwezi usanathe anali akukukuta nyama yokazinga. Koma wathuyu ayi, wathuyu anali mfumukazi, wofunika poto wakewake ndi mlembi.

"Ngati n'zovuta ndizibweretsa changa kuchokera kunyumba," anatero.

"Kuti anthu aziti ndikukumanani chakudya? Ayi. M'shopu muno wophika ndine. Ndiziphika miphika iwiri."

Anandithokoza. Anagula kapoto kakang'ono kake, ndipo masana alionse ndinkamuwiritsira mbatatesi, n'kuiphwanya bwinobwino ndi supuni, kuikapo kaloti kapena kachidutswa ka nkhuku kochotsa khungu. Ankati kuyambira pa opaleshoni mkamwa mwake mumangowawa, chilichonse chimamveka chimodzimodzi. Ankadya mosanyinyirika.

3

M'malo mochira, zinanka ziipiraipira.

Akadya, pasanathe theka la ola nkhope inkasintha. Ankasiya choko, kusiya kasitomala ataimika manja m'mwamba, tepi ili m'khosi, n'kuthamangira kumsomali. Tsiku limodzi ankatha kupita kanayi, kasanu. Akabwerako milomo ili mbuu, ankakhala pansi atagwira mimba, imene madzulo inkatupa ngati ya miyezi isanu.

Kunena zoona, mtsikanayo analimbana nawo matendawo. Anasunthira makina ake pafupi ndi khomo. Masiketi ake onse anawamasula n'kuwaika lasitiki, chifukwa lamba ankamufinya pamabala. M'chikwama chija munali zovala zosinthira, sopo, botolo la madzi, ndi timapaketi ta mankhwala a ufa. Tiyi wamkaka anasiya. Ankadya pang'onopang'ono kasanu patsiku, apa nthochi, apa kabuledi kouma, ndipo chilichonse chinkalowa m'kope. Makasitomala ofunika anayamba kuwapatsa nthawi yam'mawa, asanadye. Ine zonsezi ndinkaziyang'ana ndi diso la nkhwezule.

Pakhonde inasanduka nthabwala. Wometa akamuona akudutsa ankaimitsa makina ake pamutu pa munthu.

"Mayi a Sizasi, kiyiyu tingokupatsani akhale wanu, ifeyo tizichita kubwereka!"

"Musiyeni," ndinkayankha ine mokuwa kuti khonde lonse limve. "Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko!"

Anthu ankafa nacho chiseko. Iye ankamwetulira mokakamiza, n'kupitirira.

Lamulungu lililonse tinkadyera kwa amayi, tonse anayi. Kumeneko n'kumene ndinkagwirira ntchito yanga ina. Loweruka shopu timatseka masana ndipo sitiphika, choncho Loweruka ndi Lamulungu mlamu wanga ankadya zophika yekha. Masiku awiri amenewo ankakhalako bwino. Ankapita kuchimbudzi kamodzi kapena kawiri, ankaseka, ankatsuka mbale.

"Amayi, mukuona?" ndinatero tsiku lina iye ali kukhitchini. "Matenda ake ndi ophunzira, amadziwa kalendala. Loweruka amapita kutchuthi, Lolemba amabwera pantchito."

"Inenso ndimadabwa," anatero amayi. "Ife tinang'ambidwa mimba pobereka mlongo wakoyu, koma sitinayende ndi kope."

"Achemwali, mkazi wanga sanama," anatero mlongo wanga.

"Sindinati akunama, dalaivala. Ndangoti iweyo umamuona masiku amene ali bwino. Amene ndimasenza ntchito yake sabata yonse ndine."

Tsikulo anangopitiriza kudya. Koma khutu likamamva mawu omwewo Lamulungu lililonse limazolowera. Patapita mwezi, iye yemweyo anayamba kumufunsa mkazi wake kuti, "Kodi lero zayambanso?" ndi mawu a munthu wotopa.

4

Linali Lachinayi. Mkwatibwi wina, mwana wa mphunzitsi wamkulu, anayenera kudzayeza diresi yake komaliza m'mawa, koma anachedwa mpaka cha m'ma 1 koloko. Mlamu wanga anaisoka diresiyo milungu itatu, mikanda yake akuika umodziumodzi ndi dzanja.

"Lero sindidya, alamu. Ndidya akapita."

"Ndaphika kale. Mukufuna ndikataye? Taonani mmene mwaondera, anthu aziti ndikukusalitsani."

Anadya. Anamaliza mbale yonse, ine nditaima pompo.

Mkwatibwi anafika ndi amayi ake ndi anzake awiri. Anakwera pakampando, diresi ili mbee, ndipo mlamu wanga anagwada pansi ndi mapini kuti akonze mpendero. Anali atafika pakati pomwe pamene ndinaona dzanja lake likuima. Thukuta linatuluka pamphuno. Anayesa kupirira, anabaya pini ina, kenako ina, n'kudzuka mwadzidzidzi.

"Mundikhululukire pang'ono."

Pamsomali panalibe kiyi. Kasitomala wa wokonza mafoni anali atamutenga, ndipo anali m'katimo, akumvetsera nyimbo. Tinamva mlamu wanga akugogoda, akupempha, akugogodanso ndi manja onse awiri. Kenako kunangoti zii.

Nditatuluka ndinamupeza atatsamira khoma kumapeto kwa khonde, miyendo ataiphatikiza, maso atatseka. Sizinatheke. Wometa anali pakhomo pake, lumo lili m'manja. Ena anatembenukira kumbali, ena anaseka chamumtima, ndipo anzake a mkwatibwi anasuzumira n'kugwira pakamwa.

"Vula, vula msanga!" anakuwa amake mkwatibwi, mpango uli pamphuno. "Diresi yoyera ikugwiridwa ndi munthu wodziipitsira? Bwanji osanena kuti mukudwala?"

Ndinatola nsalu yotsala patebulo n'kukamuponyera kuti adzifunde. Atasamba n'kusintha, anakhala m'kakhitchini mpaka anthu onse anapita. Potuluka anandigwira mkono.

"Zikomo, alamu. Inu nokha ndinu amene simunaseke."

Diresiyo ndinaimaliza ndine. Amake mkwatibwi anati asaikhudzenso wina.

5

Pomatha miyezi itatu anali atatsala mafupa okhaokha. Adokotala atawerenga kope lake anadabwa kuti munthu wosadya mafuta akuvutika chonchi. Anati mwina kamwala kena kanatsalira m'njira ya ndulu. Anamujambula, osaona bwino, ndiye anati amulowetse kapaipi ka kamera kudzera kukamwa.

Tsikulo mlongo wanga anali paulendo. Womuperekeza ndinali ine.

Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, iye asanadye kanthu chidzulireni. Anali atavala chimkanjo cha kuchipatala chomanga kumsana.

"Ndikuopa, alamu. Nanga akapeza kuti ndi khansa?"

"Musamalankhule zopusa."

"Akati andichitenso opaleshoni, sindikudziwa ngati ndidzadzuke." Anavula mphete yake n'kundipatsa pamodzi ndi kope lija. "Mundisungire."

Anamwino atamuitana, anayenda pang'ono n'kucheuka. Panali mawu ochepa chabe amene ndikananena, ndipo sakanalowa m'chipindamo. Anafika pakhosi mawuwo. Ndinawameza, chitseko n'kutsekeka.

Ndinatsegula kopelo kuti nthawi ipite. Malembo ake anali aang'ono, owongoka ngati msoko. "Lolemba, 1 koloko: mbatatesi ya alamu, yopanda mafuta. 1:25 kutsegula. 2 koloko kutsegulanso, kupotokola." Lachiwiri chimodzimodzi. Tsamba ndi tsamba, "ya alamu, yopanda mafuta." Penapake m'mphepete analemba kuti, "Alamu atopa nane. Ndiziyesetsa kupirira, ndisamawasiyire ntchito." Ndinalitseka.

Sanapeze kanthu. Kamwala panalibe, chotupa panalibe. Adokotala anati imeneyo ndi nkhani yabwino, anthu ena matupi awo amachedwa kuzolowera, apitirize kusamala zakudya ndipo apume kunyumba milungu iwiri. Koma mlongo wanga atabwera Lachisanu anangomva mawu awiri okha. Ndinalipo, ndinali nditapita kukabweza mphete.

"Sanapeze kanthu," anatero, makiyi a lole akadali m'manja. "Ndiye kuti achemwali ankanena zoona."

"Bambo, inu mukuganiza kuti ndinadziipitsira pakhonde mwadala?" Mawu ake anali osasa chifukwa cha kapaipi kaja.

"Sindikudziwanso chimene ndikuganiza! Madokotala sakuona kanthu, makina sakuona kanthu. Wodwala ndiwe wekha amene ukuona. Ndatopa kusekedwa. Ndikafika kwa wometa anthu amasiya nkhani."

Milungu iwiri ya kunyumba ija anachira mooneka. Anayamba kudya, nkhope inabwerera. Kwa mlongo wanga umenewo unali umboni womaliza. Anamuuza kuti, "Lolemba ubwerere kuntchito ukagwire ngati munthu. Ngati shopu yakwathu yakukwana, kapena banja lakukwana, ungonena, usachite kudwalira."

6

Anabwereradi Lolemba, wosalankhula zambiri. Mbiri itamveka kuti Mayi a Sizasi abwera, pofika 10 koloko panali azimayi atatu akumudikira. Ine ndinali ndi zipi ya thalauza la wokonza mafoni.

Masana ndinaphika miphika iwiri ngati kale. Anadyera patebulo lodulira, ndipo pasanathe theka la ola anathamangira kumsomali. Kuyambira Lachiwiri anati m'kati mukutentha, azikadyera pasitepe ya kuseri. Ankabweza mbale ili mbee, n'kuthamangira kumsomali nthawi yake yomweija. Zinayenda choncho milungu iwiri.

Loweruka lachiwiri, titatsala pang'ono kutseka, ndinangoona amayi akulowa, mlongo wanga ali pambuyo.

"Mwabwera kudzatani?"

"Mlamu wako watiitana," anatero amayi. "Akuti pali choti tione."

Mlamu wanga anatseka chitseko. Anachotsa nsalu zonse patebulo lodulira, n'kutulutsa m'kope mwake tizidutswa ta nsalu yoyera yopyapyala, ija timaika m'kati mwa madiresi. Anatiyala mizere iwiri. Kalikonse kanali ndi tsiku lolembedwa pakona.

"Amayi, inu munakhala ndi telala zaka makumi atatu. Madzi akagwera pansalu amatani?"

"Amauma."

"Nanga mafuta?"

"Mafuta sauma, mwanawe. Amasiya banga."

"Mzere wam'munsiwu ndi mbatatesi imene ndimawiritsa ndekha kunyumba. Ndimaipaka pansalu, n'kupukuta, n'kuisiya igone. Taonani." Tinali toyera, tolimba pang'ono ngati topaka sitalichi. "Wam'mwambawu ndi ya muno. Masiku khumi."

Mlongo wanga anatola kamodzi n'kukakweza chakuwindo. Pakati pake panali banga lozungulira, lachikasu, loonekera kuwala. Anatola kachiwiri, kachitatu. Anatola tonse khumi.

"Lolemba lija kachakudya kanagwa pasupuni n'kugwera pakansalu," anapitiriza mlamu wanga. "Ndinapukuta osaganiza kanthu. M'mawa mwake ndinapeza banga. Ndinakhala pansi apa ndikudziuza kuti sizingatheke."

"Mwina kapoto kanali ndi mafuta," anatero amayi. "Mwina supuni..."

"Kapoto ndi supuni ndakhala ndikutsuka ndekha ndi madzi otentha m'mawa uliwonse. Kuyambira Lachiwiri lija chakudya cha muno sindinadyeko, ndimachikulunga n'kukataya. Ndipo m'mimba munali zii." Anatembenukira kwa ine. "Kumsomali ndimangothamangira kuti musadziwe. Munkati ndimanamizira, alamu. Ndanamiziradi, masiku asanu ndi anayi okhawa."

Ndinkamva makina a wometa kuseri kwa khoma.

"Achemwali," anatero mlongo wanga, "nenani kuti akunama."

Ndinapsa mtima, poti munthu wogwidwa ndi mmene amachitira. "Masupuni awiri okha! Mafuta ophikira, si poizoni! Aliyense amadya. Ndimangofuna kuona ngati akudwaladi kapena akutipusitsa. Akanadya osadziwa n'kukhala bwinobwino, si bwenzi tonse titadziwa zoona?"

Amayi anakhala pansi pa mpando wa makina, manja ali kumutu.

Mlamu wanga sanakuwe. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira kasitomala asanatole choko.

"Chabwino, munkafuna kuona. Ndiye munaona liti, alamu?"

7

Funso limenelo sindinaliyankhe tsikulo. Ndiliyankha pano.

Ndinaona tsiku loyamba. Linali Lachitatu la sabata imene anabwerera kuchokera ku opaleshoni. Ndinathira masupuni awiri m'mbatatesi yotentha, n'kuphwanya mpaka mafuta anabisala. Pasanathe theka la ola anali akuthamanga, ndipo nditaona nkhope yake ndinadziwa kuti palibe munthu anganamizire zotero. Mayeso anathera pamenepo.

Koma iye ali kuchimbudzi kunalowa mayi wina ndi nsalu yamtengo wapatali. Anayang'ana uku ndi uku, anadikira pang'ono, n'kunena kuti, "Basi, mundiyeze ndinu." M'mawa mwake dzanja langa linapitanso pabotolo. Linapita tsiku la mkwatibwi, ndikudziwa kuti akagwada pansi pa diresi yoyera. Ndinakhala pabenchi ya kuchipatala mphete yake ili m'manja, ndikudziwa kuti kapaipi kaja sikakapeza kanthu. Atabwerako ndinayambiranso. Sanali mayeso ayi. Kanali kaduka, ndipo ndinkakadziwa ndi dzina lake.

Loweruka lomwelo mlamu wanga anakulunga sizasi yake m'nsalu n'kuiika m'chikwama. Mlongo wanga anagwada pakati pa shopu, bambo wamkulu, akulira.

"Dzukani, bambo," anatero mkazi wake. "Alamuwa ankandida, ndipo ndinkadziwa, kungoti sindinkadziwa kukula kwake. Koma inu munkandiona ndikusanza, munkandiona ndikuchepetsa masiketi sabata ndi sabata, n'kundiuza kuti ndikudwalira. Mafuta awo atuluka m'thupi. Mawu anu aja sindikudziwa kuti atulukira pati."

Anapita kwa mkulu wake, ndipo mpaka lero sanabwerere. Patha chaka ndi miyezi inayi. Ali ndi kashopu kake kuseri kwa msika, kokhala ndi chimbudzi chakechake. Wometa, amene pano amandipatsa moni wa pamphuno, akuti mlamu wanga ananenepa, amayenda ndi kabokosi ka chakudya chophika yekha, ndipo masiku ena m'mimba mumamuvutabe akalakwitsa kudya, koma amadziwa pozembera. Makasitomala onse anamutsatira. Ine ndinapeza zimene ndinkafuna: tebulo lonse ndi langa, sizasi yaikulu ndi yanga, ndipo ndimatha tsiku lathunthu ndikuyang'ana khomo.

Mlongo wanga sanandimenye, sananditukwane. Amabwerabe kwa amayi Lamulungu. Akamva kuti ndagwirako mphika, amati wadya kale. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Mwina sichioladi, koma ine ndaona kuti chimathyoka.

Inu amene mukuwerenga, mwina kwanu kuli wina amene anatuluka m'chipatala mabala atapola koma akudandaulabe. Mwina mwayamba kale kumuwerengera maulendo a kuchimbudzi, n'kumanong'onezana kuti uje anachira msanga, uyu watani. Sindine woyenera kulangiza munthu. Ndingokuuzani kuti mtima ukayamba kufuna umboni wa ululu wa mnzanu, muufunse kaye kuti ukufuna yankho liti. Wanga unkadziwa kale zoona, unkangofuna kuti iye achoke patebulo.

Sabata yatha amayi anagwidwa chimfine chachikulu. Ndinawaphikira supu, ndinawapititsira kuchipinda, ndinawakhazika bwino ndi mapilo.

"Ika pamenepo, mwanangu, izizireko kaye," anatero.

Ndinatuluka, koma ndinakumbukira kuti ndaiwala kuwapatsa supuni. Pobwerera chitseko chinali chotseguka pang'ono. Amayi anga ondibereka anali ataviika kansonga ka mpango wawo woyera m'supumo, ataukweza chakuwindo, akuuyang'anitsitsa.

Ndinaima pakhomopo ndi supuni m'manja mpaka anamaliza.